Chibaba chikakula: mafunso ndi mayankho pa mowa, chamba ndi juga

Mabanja ambiri ali naye wachibale amene amakambidwa monong'ona: malume amene malipiro awo amathera ku shabini mwezi usanafike n'pakati pomwe, mnyamata amene adasiyira sukulu panjira chamba chitamulowerera, mlamu amene adagulitsa njinga ya kabaza kuti abweze ndalama zomwe zidapita pobetcha mpira. Mafunso amene abale amafunsana za anthu otere ndi amodzimodzi pafupifupi kulikonse. Ambiri mwa mafunsowa mayankho ake alipo, ngakhale kuti ena sakoma kuwamva.

Kodi aliyense womwa kwambiri ndi chidakwa?

Ayi, ndipo madokotala sayamba ndi kuwerenga mabotolo. Chimene amafuna kudziwa n'chakuti pakati pa munthuyo ndi mowa, akulamula mnzake ndani. Amafunsa ngati munthu amalowa m'bala n'cholinga chomwa awiri okha koma n'kutulukamo atambala akulira. Ngati adayesapo kusiya kangapo n'kulephera. Ngati mlingo umene unkamuledzeretsa chaka chatha tsopano sukumufika. Ngati akakhala osamwa amanjenjemera, kutuluka thukuta kapena kusowa tulo. Komanso ngati akumwabe ngakhale akuona yekha kuti ntchito yagwedezeka, banja likutha, kapena dokotala wamuchenjeza za chiwindi. Buku la DSM-5, lomwe madokotala a matenda a maganizo ku America adatulutsa mu 2013, lili ndi zizindikiro 11 zamtunduwu. Munthu akapezeka ndi ziwiri m'miyezi 12, vuto lilipo kale. Zikafika 6 kapena kuposerapo, lakula.

Choncho chidakwa si wogona m'ngalande yekha. Alipo ovala tayi, osajomba kuntchito, amene sangasaine kalata m'mawa asanameze kaye kenakake m'galimoto. Aliponso amene amatha masabata atatu osalawa n'komwe, koma malipiro akangolowa amasowa pakhomo mpaka Lachiwiri. Miyeso yomweyi, ndi kusintha pang'ono, ndi imene amayezera wosuta fodya, wosuta chamba, womwa mapiritsi ndi wotchova juga.

N'chiyani chimachitika mu ubongo kuti munthu azilephera kusiya?

Ubongo uli ndi njira yake yophunzitsira munthu kubwereza zinthu zomusunga ndi moyo. Akadya ali ndi njala kapena akamwa madzi ali ndi ludzu, mbali ina ya mkati mwa ubongo imatulutsa timadzi totchedwa dopamine, tomwe timachititsa kuti chinthucho achikumbukire n'kudzachifunanso. Mu 1954, James Olds ndi Peter Milner a ku McGill University ku Canada adalowetsa kawaya mu ubongo wa makoswe, n'kuwaikira kachitsulo koti akakadina, magetsi ochepa azitakasa mbali imeneyi. Makoswewo ankadina kachitsuloko maulendo mazanamazana pa ola limodzi, ndipo pa kafukufuku wotsatira ena ankasiya ndi chakudya chomwe.

Mowa, nikotini wa mufodya, heroin ndi cocaine zimadzera njira yomweyo, koma mwamphamvu ndiponso mwachangu kuposa nsima. Munthu akakoka utsi wa ndudu, nikotini amafika ku ubongo pasanathe masekondi 20. Izi zikamachitika tsiku ndi tsiku, ubongo umadziteteza pochepetsa mmene umamvera. Munthu amayamba kufuna mlingo wokulirapo kuti amve zomwe ankamva kale, ndipo zinthu zina zonse zimasukuluka: kucheza ndi ana, mpira wa Lamlungu, ngakhale ndiwo zimene ankazikonda. Nthawi yomweyo ubongo umasunga chilichonse chimene chinkayenda limodzi ndi kumwako, monga njira yopita ku bala, nyimbo ya kumeneko, uthenga wa pafoni wakuti malipiro alowa. Chimodzi mwa izi chikangotulukira, chibaba chimadzuka munthu asanaganize n'komwe. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, yomwe ntchito yake ndi kuletsa ndi kulingalira za mawa, imakhala itafooka.

Abale ambiri amadabwa akamva chidakwa chikunena kuti mowa sukuchikomeranso. Si bodza. Poyamba munthu amamwa kuti asangalale, koma pakapita zaka amamwa kuti manja asiye kunjenjemera ndiponso kuti mtima ukhale m'malo.

Nanga bwanji ena amamwa zaka ndi zaka osakodwa? Si kufooka kwa mtima chabe?

Anthu sayambira pamodzi. Kafukufuku wa mapasa ndiponso wa ana oleredwa ndi makolo osawabereka amasonyeza kuti pafupifupi theka la chiopsezo cha uchidakwa limachokera kumtundu. Sizitanthauza kuti mwana wa chidakwa adzakhala chidakwa, koma kuti iyeyo ayenera kusamala kuposa mnzake. Msinkhu woyambira nawo ndi nkhani yaikulu, chifukwa ubongo umapitiriza kukhwima mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25, ndipo woyamba ali ku sekondale amakodwa msanga kuposa woyamba ali wamkulu. Pamwamba pa izi pali nkhanza zimene munthu adakumana nazo ali mwana, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, ulova, komanso kuyandikira kwa chinthucho. Tauni imene kachasu amapezeka pa mtengo wa mandasi ili ndi zidakwa zambiri kuposa kumene mowa uli wodula ndi wakutali.

Mphamvu ya malo idaoneka bwino pa nkhondo ya ku Vietnam. Mu 1971 boma la America lidadzidzimuka kumva kuti asilikali ake ambiri kumeneko ankagwiritsa ntchito heroin, ndipo lidaopa kuti dziko lidzadzaza ndi anthu okodwa. Katswiri wina, Lee Robins, adawatsatira atabwerera kwawo. Pafupifupi msilikali mmodzi mwa 5 aliwonse adanena kuti adali atakodwa ali kunkhondo, koma mwa okodwawo, pafupifupi 5 okha pa 100 aliwonse ndiwo adakodwanso m'chaka choyamba ali kumudzi. Adachoka kumene heroin adali wotchipa, kumene kudali mantha ndi kusungulumwa, n'kubwerera kwa abale ndi kuntchito.

Izi sizichotsa udindo pa munthu. Wodwala shuga sadasankhe matendawo, komabe kumwa mankhwala ndi kusala zakudya zili m'manja mwake. Chimene kafukufuku akukana ndi maganizo akuti kukalipira ndi kuchititsa manyazi n'kokwanira kuchiritsa.

Ena amati munthu wotere walodzedwa kapena ali ndi ziwanda. Zoona zake n'ziti?

N'zosavuta kuona kumene maganizowa amachokera. Bambo amene wamwa kachasu tsiku lililonse kwa zaka, akagonekedwa m'chipatala chifukwa cha bala la pamwendo n'kukhala masiku awiri osalawa, usiku wachitatu amatha kuyamba kutola tizilombo tosaoneka pa bulangete, kukuwa kuti pakhoma pali njoka, thukuta lili kamukamu, osazindikira ndi mkazi wake yemwe. Womudikirira amene sadaonepo zotere amathamangira kuganiza za adani a kumudzi. Koma anamwino amazidziwa bwino, dzina lake ndi delirium tremens, ndipo zimachitika mofanana ku Dedza, ku Moscow ndi ku Glasgow. Mankhwala ake alipo.

Pemphero ndi mpingo zathandiza anthu ambiri kusiya mowa, makamaka chifukwa zimapatsa munthu anzake atsopano, zochita madzulo ndi chifukwa chokhalira moyo. Vuto limabwera pamene munthu amene akugwa khunyu chifukwa chosowa mowa m'thupi asungidwa kumapemphero kapena kwa sing'anga m'malo mothamangira naye kuchipatala.

Chamba ndi chomera chachilengedwe, ndipo boma lidachiloleza. Chingavulaze bwanji?

Fodya nayenso ndi chomera. Lamulo la Malawi la 2020 lidaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa amene ali ndi ziphaso, koma kusuta n'koletsedwabe. Kumbali ya thanzi, pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 osuta chamba amakodwa, ndipo kwa oyamba ali achinyamata ndi mmodzi mwa 6. Akasiya amakwiya msanga, tulo timasowa, chakudya sichilowa, zomwe zimatha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri.

Nkhani ya misala ndi imene anthu amatsutsana kwambiri, ndipo mbali zonse zimakokomeza. Osuta ambiri sapenga. Komabe kusuta tsiku lililonse, makamaka chamba champhamvu, kumachulukitsa kangapo chiopsezo cha matenda omva mawu ndi kuona zinthu zomwe palibe, ndipo chiopsezocho n'chachikulu kwa mnyamata amene kwawo kuli kale wodwala maganizo. Kwa amene wadwalapo kamodzi, kusutanso kumabwezeretsa matendawo mobwerezabwereza. Zakuti chamba chimanola nzeru za mayeso n'zabodza: chimafooketsa kukumbukira zimene munthu wangowerenga kumene.

Juga samwa, sasuta. Munthu angakodwe nayo bwanji?

Kwa nthawi yaitali madokotala nawonso ankakayika. Koma mu 2013 DSM-5 idaika juga m'gulu limodzi ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidachitanso chimodzimodzi m'ndandanda wake wa matenda umene udayamba kugwira ntchito mu 2022. Umboni wina udachokera kosayembekezeka. Mankhwala ena a matenda a Parkinson amagwira ntchito ngati dopamine, ndipo odwala ena okalamba amene sadatchovepo juga moyo wawo wonse adayamba kumwaza ndalama za penshoni atayamba kuwamwa, n'kusiya mankhwalawo atachepetsedwa.

Chimene chimakola pa juga ndi kusadziwa. B. F. Skinner adasonyeza kalekale kuti nkhunda imene imalandira chakudya mwa apo ndi apo ikajompha kabatani imajompha mosalekeza kuposa imene imalandira nthawi zonse. Taonani mnyamata pa siteji ya kabaza, foni ili m'manja, akuyang'ana kandege kakukwera pa sikirini. Nambala ikukula, chala chili pamwamba pa batani, akufuna adikire pang'ono pokha, kenaka kandege kaja n'kuzimirira ndi ndalama zake. Sipatha mphindi, wabetchanso. Wa tikiti ya mpira naye amati timu imodzi yokha ndiyo yamulakwira, ndipo kuphonya pang'ono koteroko ubongo umakumva ngati kutsala pang'ono kupambana, pamene kunena zoona ndalama yapita yonse. Masewera onsewa adawerengeredwa kuti pakapita nthawi kampani ndiyo itsale ndi phindu.

Chizindikiro chachikulu cha kukodwa ndi kuthamangitsa zotayika: kubetcha lero kuti ubweze za dzulo, ndi ndalama ya fizi, ya banki mkhonde kapena ya katapila. Juga ilibe fungo, ndiye banja limadziwa mochedwa, nthawi zambiri angongole atafika kale pakhomo. Maganizo ofuna kudzipha ndi ofala pakati pa anthu okodwa ndi juga kuposa anthu ena, choncho mawu oti "bola ndingofa" asamatengedwe ngati nthabwala.

Masewera a pakompyuta ndi pafoni nawonso WHO idawaika m'ndandanda uja, koma pokhapokha ngati asokoneza sukulu, ntchito kapena banja kwa miyezi pafupifupi 12. Mwana wokonda foni sikuti wadwala ayi.

Mowa ndi fodya zimawononga chiyani kwenikweni m'thupi?

WHO idawerengera kuti mu 2019 mowa udapha anthu pafupifupi 2.6 miliyoni padziko lonse, ndipo fodya amapha oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, kuphatikizapo osasuta amene amangopuma utsi wa anzawo. Chiwindi ndicho chimadziwika kwambiri: chimayamba ndi kukuta mafuta, kenaka kutupa, pomaliza kuuma ndi zipsera, mimba n'kudzaza madzi, maso n'kuchita chikasu. Koma mowa umakwezanso BP, kufooketsa mtima, kutupitsa kapamba ndi kupha mitsempha ya kumapazi. Womwa osadya amasowa vitamini B1, ndipo kusowa kwake kumatha kuwononga ubongo mpaka munthu kumaiwala zimene zachitika mphindi zochepa zapitazo.

Ambiri sadziwa kuti mowa umayambitsa khansa: ya m'kamwa, ya kummero, ya chiwindi, ya m'matumbo ndi ya m'mawere. Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lapansi. Zifukwa zake n'zingapo, koma mowa ndi fodya zili m'gulu la zodziwika, ndipo zikaphatikizana chiopsezo chimakula kuposa chilichonse pachokha. Womwa kwambiri amadwalanso TB mosavuta, ndipo amene ali pa ma ARV amadumphitsa mankhwala. Fodya wopichira yekha, chingambwe ndi fodya wa pamphuno ali ndi nikotini yemweyo.

Mowa umene mayi woyembekezera wamwa umafika kwa mwana, ndipo palibe mlingo umene umadziwika kuti ndi wabwinobwino. Ku Western Cape ku South Africa, kumene kwa zaka zambiri antchito a m'minda ya mphesa ankalipidwa mbali ina ya malipiro awo ndi vinyo, chiwerengero cha ana obadwa ndi ubongo wowonongeka ndi mowa chili m'gulu la zokwera kwambiri padziko lonse.

Pa funso lakuti wabwino ndi uti, wa m'botolo kapena wa kumudzi: chimene chimawononga chiwindi ndi chimodzimodzi mu masese, mu vinyo ndi mu kachasu. Kachasu amaonjezera ngozi ziwiri. Mphamvu yake sidziwika, ndipo ukatchezedwa mosasamala kapena kuthiridwa zina umatha kukhala ndi methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha. Mu 2024 anthu angapo adamwalira ku Blantyre atamwa mowa umene omwa okha adaupatsa dzina loti "ambuye n'tengeni".

Kodi mankhwala a kuchipatala nawo amakola?

Ena amatero. Codeine wa m'mankhwala ena a chifuwa, tramadol, pethidine ndi morphine ndi a banja limodzi ndi heroin, ndipo mapiritsi ogonetsa monga diazepam amakola akamwedwa kwa masabata ambiri. Nigeria idaletsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine mu 2018 achinyamata atayamba kuwamwa ngati zakumwa. Ku Zimbabwe vuto lomweli limadziwika ndi dzina la bronco, pambali pa mutoriro, womwe ndi crystal meth. Amene adakhalako ku Joni amaidziwa nyaope, ndipo chimene chimakola mmenemo ndi heroin. Ku Sierra Leone mankhwala otchedwa kush adafika poti mu 2024 Pulezidenti Julius Maada Bio adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Ku America mliri wa mankhwala a banja la heroin udayambira m'zipatala momwe, kampani ya Purdue Pharma itayamba kugulitsa OxyContin mu 1996 n'kumanena kuti sakola kwenikweni. Pofika 2021, anthu oposa 100,000 ankafa pa chaka m'dzikomo chifukwa chopyoza mlingo wa mankhwala osiyanasiyana.

Izi zisachititse banja kukaniza morphine kwa wodwala khansa amene akubuula ndi ululu. Akaperekedwa pa mlingo wa dokotala kwa wodwala wotere, phindu lake limaposa kutali ngozi yokodwa.

Munthu akaganiza zosiya, angosiyiratu lero lomwe?

Zimatengera chimene akusiya. Wosuta fodya kapena chamba akhoza kusiya lero; adzavutika, makamaka sabata yoyamba, koma moyo wake suli pangozi. Wa heroin amamva ngati wagwidwa ndi malungo aakulu, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kuphwanya m'thupi, koma kawirikawiri zimadutsa pakatha sabata.

Mowa ndi diazepam ndi nkhani ina. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, amene amadzuka akunjenjemera mpaka atachotsa matsire ndi botolo lina, kapena amene adagwapo khunyu atasiya, asasiye payekha mwadzidzidzi. Kunjenjemera kumayamba pakatha maola 6 mpaka 24, khunyu limatha kubwera m'masiku awiri oyamba, ndipo kusokonezeka mutu kuja kumafika tsiku lachiwiri mpaka lachinayi. Popanda thandizo kumapha. Kuchipatala amapereka diazepam pa mlingo umene amautsitsa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, pamodzi ndi vitamini B1 ndi madzi. Kutsekera munthu wotere m'chipinda kuti "mowa umuchoke" ndi kuseweretsa moyo wake.

Kodi alipo amene amachira? Thandizo lake ndi lotani?

Alipo ambiri, ndipo kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti ochuluka mwa anthu amene adakodwapo amadzasiya, ena popanda kugonekedwa kulikonse. Sitiwaona chifukwa munthu amene adasiya mowa zaka 10 zapitazo sayenda akulengeza.

Kuchotsa mowa m'thupi ndi chiyambi chabe, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri amalakwitsa, poganiza kuti masabata awiri a m'chipatala atha nkhani yonse. Ntchito yeniyeni ndi ya miyezi yotsatira. Aphungu amathandiza munthu kuzindikira zimene zimadzutsa chibaba chake ndi kukonzekeratu chochita: kusintha njira yobwerera kunyumba, kusayenda ndi ndalama zambiri m'thumba, kudziwa woti amuimbire foni Lachisanu madzulo. Chibaba chimakwera n'kutsika chokha, nthawi zambiri pasanathe ola, ndipo munthu amene waona zimenezi kangapo amayamba kuchiopa pang'ono. Matenda a nkhawa kapena kukhumudwa ngati alipo ayenera kuchizidwa nthawi yomweyo, apo ayi munthu adzabwerera ku mankhwala ake akale.

Magulu a anthu amene adadutsamo amathandizanso. Alcoholics Anonymous idayamba mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America, zidakwa ziwiri zitapeza kuti kukambirana kunkazithandiza kukhala osamwa, ndipo kuunika kwakukulu kwa bungwe la Cochrane mu 2020 kudapeza kuti njira imeneyi imafanana kapena kuposa uphungu wina pothandiza anthu kusiyiratu. Mankhwala aliponso, ngakhale sapezeka paliponse: naltrexone ndi acamprosate ochepetsa chibaba cha mowa, timapepala ta nikotini tomata pakhungu, ndi methadone kwa okodwa ndi heroin, amene Tanzania idayamba kupereka pa chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011. Kuthira mankhwala osanzitsa m'chakudya cha munthu mwakabisira, kaya a kusitolo kaya a zitsamba, sikuchiritsa ndipo kukhoza kumuvulaza.

Ku Malawi poyambira ndi chipatala cha boma cha m'boma lililonse, kumene kumakhala ogwira ntchito za matenda a maganizo. Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amalandira anthu a vutoli, ndipo ku Zambia kuli Chainama Hills ku Lusaka.

Thupi nalo limabwerera. Mafuta a pachiwindi amatha m'masabata ochepa munthu akasiya kumwa. Zipsera sizichoka, koma kusiya kumatalikitsa moyo ngakhale pamenepo. Wosiya fodya, pakatha chaka chimodzi chiopsezo chake cha matenda a mtima chimatsika ndi pafupifupi theka.

Akayambiranso ndiye kuti zonse zapita m'madzi?

Ayi. Mwa anthu amene alandira thandizo, pakati pa 40 ndi 60 pa 100 aliwonse amayambiranso nthawi ina, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha odwala BP kapena mphumu amene matenda awo amabwereranso. Osuta fodya ambiri amayesa kangapo asanasiyiretu. Chofunika ndi kubwerera msanga kwa phungu kapena ku gulu n'kufufuza chimene chidachitika, kaya ndi maliro, ukwati, mkangano kapena ndalama yobwera mwadzidzidzi. Manyazi ndi amene amasandutsa botolo limodzi kukhala mwezi wathunthu.

Pali ngozi imodzi yofunika kuidziwa. Munthu wa heroin kapena mankhwala a banja limenelo akakhala nthawi osagwiritsa ntchito, monga potuluka m'ndende kapena m'chipatala, thupi limakhala litaiwala mlingo wakale. Akabwerera pa mlingo womwewo akhoza kusiya kupuma. Imfa zambiri zimachitika m'masabata oyamba amenewa.

Za kumwanso pang'ono pa chikondwerero, ena amene vuto lawo lidali laling'ono amakwanitsa. Kwa amene adafika ponjenjemera m'mawa, kapena amene chiwindi chidawonongeka kale, madokotala amalangiza kusiyiratu.

Abale achite chiyani, ndipo asachite chiyani?

Nthawi yolankhula ndi munthu ndi pamene sadaledzere, ndipo mawu ogwira mtima ndi onena zimene zachitika, monga kuti ana adagona ndi njala Lachitatu, kusiyana ndi kumutchula maina. Msonkhano wa banja lonse womuzungulira ndi kumuweruza kawirikawiri umangomuumitsa mtima. Zimene zimathandiza ndi kumuyamikira ndi kukhala naye pafupi masiku amene sadamwe, kudzipatula akaledzera, ndi kukhala okonzeka kumuperekeza kuchipatala tsiku limene wavomera, chifukwa kuvomerako sikukhalitsa.

Chovuta kwambiri kwa mayi kapena mkazi ndi kusiya kumubisira. Kumulipirira ngongole za ku shabini, kunamiza abwana ake kuti wadwala malungo, kuwombola katundu amene wapinyolitsa, zonsezi zimachokera m'chikondi koma zimachotsa ululu umene ukadamukankhira kukafuna thandizo. Pa juga, ndalama za pakhomo ndi nambala yachinsinsi ya akaunti ya pafoni zisungidwe ndi wina. Pakakhala kumenya, chitetezo cha mkazi ndi ana chimayamba, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Kuledzera si chifukwa chokhululukira nkhanza. Kumanga munthu ndi unyolo nakonso ndi nkhanza, ngakhale ochitawo atakhala abale kapena atsogoleri a mapemphero.

Bwanji boma osangoletsa zonsezi n'kumanga ogwiritsa ntchito?

Zidayesedwapo. America idaletsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933; kumwa kudatsika, koma magulu a zigawenga adalemera ndipo anthu ambiri adafa ndi mowa wophikidwa mobisa. Zambia idaletsa mowa wa m'timapaketi wotchedwa tujilijili mu 2012, Malawi nayo idaletsa mowa wa m'masacheti, ndipo ngakhale zidachotsa timapaketi m'matumba a ana a sukulu, mowa wotchipa womwewo udabwereranso m'timabotolo. Kumanga wosuta kumamuchotsa pamsewu kwa kanthawi, koma amatuluka ali ndi chibaba chomwecho, ntchito palibe, mbiri itaipa. Portugal idasankha njira ina mu 2001: kugulitsa mankhwala ozunguza bongo kudakhalabe mlandu, koma wopezeka ndi ochepa ogwiritsa ntchito yekha amakaonekera ku komiti yomwe ingamutumize ku chithandizo. Chiwerengero cha otenga HIV kudzera m'majakisoni chidatsika kwambiri, ngakhale kuti zidatheka chifukwa boma lidaikanso ndalama zambiri m'zipatala zothandiza anthuwo.

Pa mowa, njira zimene WHO imati zimagwira ntchito pa mtengo wochepa ndi zitatu: kukweza msonkho, kuchepetsa malo ndi maola ogulitsira, ndi kuletsa kutsatsa malonda. Scotland idakhazikitsa mtengo wotsikitsitsa wa mowa mu 2018, ndipo kafukufuku wa 2023 adapeza kuti imfa zobwera ndi mowa mwachindunji zidachepa ndi pafupifupi 13 pa 100 poyerekeza ndi mmene zikadakhalira. South Africa itaimitsa kugulitsa mowa kangapo pa nthawi ya Covid-19, ovulala pa ngozi ndi pa ndewu adachepa m'zipatala, moti m'mawa wa pa 1 Januwale 2021 chipinda cholandirira ovulala kwambiri pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chidapezeka chopanda wodwala, zomwe akuluakulu a chipatalacho adati zidali zisadachitikepo. Chiletso chikachotsedwa, ovulala ankachulukanso. Malawi ili ndi ndondomeko ya dziko yokhudza mowa kuyambira 2017, ndipo mu 2023 idalowa m'pangano la WHO lolimbana ndi kusuta fodya, koma m'matauni ambiri mabala oyandikana ndi sukulu amatsegulabe m'mawa, ndipo mwana wotumidwa kukagula kachasu sabwezedwa.